Madzi a likambako

Mwana wanga woyamba atangogwa mchombo, apongozi anga analawirira kukhomo kwathu. Anati lero mwana atuluke m'chikuta, ametedwe, asambe likambako. Likambako ndi mizu ija amaviika m'madzi n'kusambitsira khanda kuti likhwime, atayamba alidonthezera pang'ono m'kamwa. Mizuyo ndinalibe nayo nkhani ine. Chimene chinandiumitsa thupi ndi madzi ake.

Ndinapita kuchitengwa kumudzi wa amuna anga, kuseri kwa Namitete. Kumeneko likambako saviika m'madzi a pamjigo. Amati madzi ogona pansi ndi aulesi, mwana angadzakhale wolobodoka. Pafunika madzi oyenda, otunga kumtsinje m'mawa. Koma mtsinje wathuwo unali utasintha. Kumtunda kwake anamangako fakitale yoyenga mafuta ophikira ndi kupanga sopo. Madzi ake oipa ankawasunga m'maiwe kuseri kwa mpanda, ati adikhe kaye, koma mvula ikagwa maiwewo ankasefukira, zonse n'kutsetserekera kwa ife. Thovu linkaunjikana m'mabango ngati pachapira mudzi wonse, fungo lake la mazira oola. Nkhanu tinkazipeza zitagada. Ine nditachapako zovala ndili woyembekezera, manja onse anasupuka.

Amuna anga ankagwira ganyu yokumba ngalande kufakitaleko, ndipo ndiwo anandinong'oneza zimene zimathiridwa m'maiwemo. Koma tsiku limenelo, ha! Munthu ndi ndevu zake anangotola khasu n'kuzemba, ati za chikuta n'za amayi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimawayang'ana cham'mbali.

Apongozi anapita kumtsinje n'kuchedwako ndithu. Atabwera anatula ndowa, n'kuthira madzi m'beseni momwe munali mizu. Pamwamba pake panali kuyandama timafuta tonyezimira. Azakhali a amuna anga anali atakhala pamphasa, mwana wanga ali pamiyendo pawo.

Ndinagwada. "Amayi, bwanji titunge a pamjigo, tiwiritse?"

"Amake mwana, madzi oyenda sasunga litsiro," anatero apongozi. "Amuna anuwo anasamba omwewa. Kodi anafa?"

"Nthawi imeneyo kunalibe fakitale, amayi."

"Ndiye mwabwera kudzatiphunzitsa kulera, eti?"

Azakhali anatsokomola n'kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ine chamumtima ndinati agonere pa mwana wa yani? Koma mtengwa sayankha kawiri. Ndinkachita mantha, mantha enieni. Ndikakana, ndatukwana mudzi wonse ndipo mwana akadzangotsokomola mlandu ndi wanga. Ndikakhala chete, madzi amene anasupula manja anga alowa m'mimba mwa kakhanda kosadziwa ngakhale phala.

Apongozi anatunga m'kakapu. Azakhali anapendeketsa kamutu ka mwana, iye n'kuyasamula kakamwa, akuyesa ndi bere.

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangozindikira kakapu kali m'manja mwanga, ndawalanda apongozi, chinthu chimene amayi anga akanamva akanandikana.

"Poti ndi abwino, ndiyambe ndine," ndinatero. "Ndimwa kapu yonse. Mwanayu amwera kubere."

Ndinafikitsa pamlomo. Fungo lija linandimenya m'mphuno, koma ndinatseka maso n'kupendeketsa.

Phaa! Dzanja la apongozi linafika msanga. Kakapu kanakagwera kukhonde, mlomo wanga ukutuluka magazi.

"Mwapenga? Mukuyamwitsa inu!"

Apongozi anatsala atatambasula dzanja lomwe anandimenya nalo, ndipo m'pamene ndinaliona bwino. Linali losupuka ngati anga, ming'alu yofiira pakati pa zala.

Anakhala pansi mwa phuu. "Ndinayenda mpaka kumadimba a kumunsi," anatero motsitsa, osandiyang'ana. "Ndimafuna pamene palibe thovu. Paliponse lilipo. Nanga mdzukulu wanga asambe chiyani?"

Apongozi anadzuka okha, anavuula mizu ija, madzi n'kukakhuthula kudzala. Kenako anasenza ndowa kulowera kumjigo, ndipo nditati ndiwalandire anakana.

Mwana wanga ndiye anali woyamba pabanjapo kusasamba madzi a mtsinje umene unasambitsa makolo ake onse. Apongozi anamusambitsa ndi madzi ofunda a pamjigo, pang'onopang'ono, akungoti pepani, pepani. Sankapepesa ine, koma makolo aja.