Bawo la agogo ake ndi maadiresi a makompyuta

Ine zala zanga zinakotera m'tiyi. Kuthyola, kuponya m'dengu, kuthyola, kuponya m'dengu. Sukulu ndinangoinunkhiza. Koma mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga, anaphunzira za makompyuta mpaka ku koleji, ndipo anamulemba ntchito yoyeserera pamalo ena ogona alendo ku Likhubula.

Abwana ake anamuuza kuti agawe netiweki: a mu ofesi kwawo, alendo kwawo, operekeza anthu kuphiri kwawonso. Iye analemba pulogalamu yowerengera pamene maadiresi a makompyuta a gulu lililonse ayambire ndi pamene athere. Pulogalamu ija inayamba misala, kutulutsa manambala a mainasi. Abwana anati Lolemba likafika zisanatheke aitana munthu wa ku Blantyre, iye abwerere kwawo.

Loweruka masana ndinamupeza pakhonde, laputopu pamiyendo, maso ali psuu.

"Mwana iwe, wafedwa?"

"Anganga, musandiseke. Ku koleji inkagwira bwinobwino."

"Tandiuza, mwina ndikulirire bwino."

Anaseka pang'ono, nalowa m'nyumba, natuluka ndi bawo la malemu agogo ake aamuna. Ine bawo limenelo sindinaligwirepo, linali la abambo pansi pa mtengo wa mapeyala. Mwana uja anati adiresi ya kompyuta ili chimodzimodzi: mizere inayi, uliwonse maenje asanu ndi atatu. Dzenje likhale ndi njere kapena likhale lopanda, basi.

Ankatchula, ine ndikuika. Ika, siya, ika, siya. Kenako anati, "Tsopano sunthani zonse kumanja, mpaka za mzere woyamba zikafike mzere womaliza."

Ndinasuntha, ndikuimba ngati ndikupalira. Nditamaliza, mizere itatu inatsala mbee.

Mwana anayang'ana bawo, nayang'ana laputopu, nayang'ananso bawo.

"Anganga, kumbuyoku mwasiya mopanda kanthu?"

"Nanga ndiikemo chiyani? Njere zapita."

"Koma kompyuta iyi ikudzazamo!"

Anadumpha mpaka mpando kugwa. Akuti dzenje loyambirira likakhala ndi njere, kompyuta imayesa kuti nambala yonse ndi ya mainasi, ndiye posuntha imathira njere m'maenje onse otsala. Maadiresi a ku koleji ankayamba ndi dzenje lopanda kanthu, n'chifukwa chake vuto linkabisala. A ku Likhubula ankayamba ndi njere.

Ine sindinamve zonse, ndisaname. Ndinangoona akusintha kachizindikiro kamodzi, kamodzi kokha, kouza kompyuta kuti posuntha izisiya maenje opanda kanthu. Anadina. Manambala anatsika mwaulemu ngati amayi a mvano polowa m'tchalitchi, popanda wa mainasi ndi mmodzi yemwe.

Ayi, nthungululu inatuluka yokha! Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinavina tchopa pabwalo, mawondo omwe amandivuta aja osawamva. Mnansi wanga anasuzumira pampanda.

"Kodi wapeza banja mdzukuluyo?"

"Banja la chiyani, inu? Wagwira mainasi!"

"Ndiye chinyama chanji chimenecho?"

"Bwerani muvine, mufunse pambuyo!"

Anabweradi, tinavina awiri, mwana akutijambula pafoni uku akupukuta misozi.

Lolemba anakwera njinga ya kabaza m'mawa, mtambo usanachoke paphiri. Madzulo anandiimbira foni. Alendo alowa pa intaneti, a mu ofesi alowa, operekeza alowa, aliyense pakhomo pake. Wa ku Blantyre sanamuitane. Abwana anamuuza kuti mwezi wa mawa akwere ku Chambe, pamwamba pa phiri, akaone ngati kumenekonso netiweki ingatheke, ndipo agule nsapato zolimba.