Mlendo Amene Tinamukhazika pa Mphasa

Chaka chimenecho mwana wanga woyamba anali asanayambe kukwawa. Ndinali mtengwa watsopano pakhomo pa apongozi anga, m'mudzi wina kufupi ndi Mfuwe. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Katete, ndiye Chikunda ndinkachimva mwa apo ndi apo. Apongozi akafuna kuti ndimve ankandilankhula m'Chinyanja, akafuna kundinena ankatembenukira ku Chikunda.

Amuna anga ankagwira ntchito pa loji ina ya m'mphepete mwa Luangwa, malo ogona alendo odzaona nyama. Ntchito yawo inali younikira ndi nyali pagalimoto, alendo akamakafuna nyalugwe dzuwa litalowa. Koma mtima wawo unali pa ugaidi, ntchito yotsogolera alendo ndi kuwafotokozera zinthu. Ankaloweza mayina a mbalame m'Chingerezi ngakhale posamba, mpaka azichemwali awo ankati achimwene apenga. Abwana a pa loji anali atawauza kuti chaka chimenecho aziperekeza alendo kumudzi, ndipo akaona kuti akutha adzawatumiza ku maphunziro. Choncho ulendo uliwonse wa kumudzi unali mayeso. Ndipo khomo limene alendowo ankafikira linali lathu.

Tinali titazolowera. Tikamva kuti akubwera tinkasesa, n'kutulutsa mipando yapulasitiki pansi pa mtengo wa mango. Azungu ankakhala pamipandopo, kujambula mtondo, kujambula nkhuku, kufunsa ngati njovu zimabweradi kudzadya mango pakhomo pomwepo. Apongozi ankati, "Awa ndi ana aatali misinkhu. Musawaletse kanthu, angalire."

Tsiku limene ndikunenali kunali kutentha kwa Okutobala, kuja kumene ngakhale agalu amasiya kuuwa. Galimoto itaima anatsika azungu, ndipo pambuyo pawo anatsika mayi wakuda. Wakuda ngati ine ndithu, wa msinkhu wa azakhali anga. Tsitsi lake linali lopota, lofika pamsana, ndipo anavala kabudula ngati anzakewo. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, n'kunena pang'onopang'ono, "Mu-li bwa-nji." Zinkaoneka kuti mawuwo anawaphunzira ali m'njira ndipo anawasungira ife.

Amuna anga ananong'oneza amayi awo. "Amayi, awa si a ku Lusaka ayi. Achokera ku Amereka. Akuti makolo awo anatengedwa ku Africa kuno kalekale, pa ukapolo. Aka n'koyamba kuponda dziko la anthu akuda."

Apongozi anaimba nthungululu. "Mayo ine! Ndiye ndi mwana wabwera kumudzi uyu! Iwe, bwanji sunanene dzulo? Tikanapha mbuzi."

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kuno mpando ndi wa mlendo, munthu wodutsa amene sudziwa mtima wake. Mwana wamkazi wa pakhomo, ngakhale achokere kutali chotani, sakhala pampando pamaso pa amayi ake. Amamumanga chitenje, amakhala pamphasa ndi akazi anzake, amamwera m'kapu ya pakhomo, ndipo amamupatsa khanda kuti alinyamule. Ulemu woposa umenewo ife tilibe. Azungu sitiwamanga chitenje chifukwa si athu. Manyazi awo ndi awo.

Ndiye apongozi anamugwira dzanja mayi uja, n'kudutsa naye pamipando. Mpando wake unalipo, wopanda munthu, koma anaudutsa. Anavula chitenje chawo chapamwamba, chija ankapita nacho kutchalitchi, n'kumumanga m'chiuno. Anamukhazika pamphasa pakati pa ine ndi alamu anga, mlongo wa amuna anga.

Poyamba ankamwetulira. Alamu anayamba zawo. "Alamu, taonani zikhadabo izo. Zimenezi zingatongole chimanga? Uyu akakwatiwa kuno, abwezedwa sabata isanathe."

"Siyani mwana apume," anatero apongozi. "Wayenda kuyambira nthawi ya agogo a agogo anga, ndiye inu mukumuyang'ana zikhadabo?"

Tinaseka tonse. Iye anasekako pang'ono, osadziwa chimene tikuseka. Azungu anapatsidwa zakumwa zozizira za m'mabotolo zochokera m'galimoto. Iye apongozi anamutungira thobwa m'kapu yathu yachitsulo, yophwanyika pamlomo, imene tinkamwera tonse. Kenako anandiuza kuti ndimupatse mwana.

Pomupatsa mwanayo m'pamene ndinadziwa kuti chinachake chalakwika. Mayi amadziwa manja amene alandira mwana wake. Manja akewo anali ouma ngati nkhuni. Mwanayo anamugwira bwino ndithu, koma maso ake sanali pa mwana. Anali pa mpando uja, ndi pa anzake amene anakhala pamwamba miyendo itapingasa, akumuyang'ana iye pansi.

Ndinasendera kwa apongozi, n'kugwada. "Amayi, mwina tiwapatse mpando. Akuoneka ngati miyendo yawawawa."

"Iwe, wabwera dzulodzuloli, ukudziwa chiyani? Ukufuna anene kuti tamusala?"

Ndinabwerera pamalo panga. Mtengwa sasuntha chimene apongozi aika, makamaka pamaso pa anthu. Ndinangomulandira mwana uja.

Alendo akabwera tinkawaonetsa kusinja mtedza. Nthawi zonse ndinkasinja ndine, iwo n'kumajambula. Tsiku limenelo apongozi anatenga munsi m'manja mwanga n'kumupatsa mayi uja. "Tiye, mwana wanga, manja akumbukire." Anaimirira, n'kusinja kawiri kapena katatu. Azungu onse ananyamuka ndi mafoni awo, kumuzungulira. Bambo wina wofiira ndi dzuwa ananena kanthu, anzake n'kuseka.

Mayi uja anaika munsi pansi. Sanauponye ayi, anaugoneka bwinobwino. Analankhula ndi amuna anga motsitsa mawu, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo.

"Akuti chiyani mwana wanga?" anafunsa apongozi.

"Akufunsa chifukwa chake iwo okha ali pansi, ndipo iwo okha ndi amene akugwira ntchito."

"Uwauze kuti ali kwawo! Nanga m'nyumba mwa amake munthu amakhala ngati bwanamkubwa?"

Amuna anga anayesa. Koma Chingerezi chawo chinali cha mbalame ndi mapazi a nyama. Za mphasa ndi chitenje anali asanazilankhulepo m'chilankhulo chimenecho, chifukwa ndani amafotokoza chinthu chimene anabadwa nacho? Mawu awo anatuluka ochepa. Mayi uja anayankha nthawi yaitali, amuna anga n'kutimasulira.

"Akuti kumene achokerako, agogo awo ankadyera kuseri kwa nyumba azungu akudyera patebulo. Akuti m'basi ankakhazikidwa kumbuyo. Akuti sanawoloke nyanja kuti adzaone zomwezo kwa anthu a khungu lawo."

Apongozi anafunsa ndi mawu aang'ono amene ndinali ndisanawamvepo. "Ndiye akufuna mpando? Ngati mzungu?" Zimenezo amuna anga sanamasulire.

Ulendo unathera pomwepo. Mayi uja anamasula chitenje, kuchipinda bwino, n'kuchisiya pamphasa. Anakakwera galimoto yekha, n'kuvala magalasi akuda. Apongozi anandituma kuti ndigwire nkhuku yathadzi, chifukwa mwana sabwerera chimanjamanja. Anainyamula okha mpaka pagalimoto, n'kuikweza m'mwamba ndi manja awiri. Iye anapukusa mutu osayang'ana. Galimoto inanyamuka, apongozi ali chiimire m'fumbi, nkhuku ili mutu pansi.

Mawa lake amuna anga anaitanidwa ndi abwana awo. Mayi uja sanakalipe, akuti. Anangouza abwana kuti kumudzi kumene amatumizako alendo, mlendo wakuda amakhazikidwa pansi n'kupatsidwa ntchito azungu akujambula. Abwana anaopa kuti nkhaniyi ikalembedwa pa intaneti, pamene alendo amasankhira loji, anthu adzasiya kubwera. Anati gaidi ndi munthu woona zinthu zisanachitike, kaya ndi njovu kaya ndi amayi ake. Alendo anayamba kufikira pakhomo lina. Ku maphunziro kunapita wina. Mvula itatha, loji itatsegulidwanso, amuna anga sanaitanidwe.

Sanakalipire amayi awo. Akanayambira pati? Apongozi nawo nkhaniyi saitchula. Tsiku lina lokha, tikupalira, anaima n'kutsamira khasu. "Kodi mwana uja anafika bwino?" Ndinati sindikudziwa, amayi. Anapitiriza kupalira.

Patapita nthawi, alamu anandionetsa pafoni anthu akuda a ku Amereka atadzaza msewu, akuguba ndi kulira chifukwa mnzawo anafera m'manja mwa apolisi. Ndinayang'anitsitsa nkhope za azimayiwo ngati kuti ndingamupeze. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni. Za ukapolo anatiphunzitsa ngati nkhani yakale imene inatha. Sindinkadziwa kuti kuli anthu amene chilondacho chikadali chachiwisi, moti ukangochikhudza, ngakhale ndi dzanja lachikondi, chimatuluka magazi. Iyenso sankadziwa zathu. Chimene chimandiwawa n'chakuti kwinakwake ali ndi ana kapena adzukulu, ndipo anakawauza kuti ngakhale ku Africa anamukhazika pansi. Sananame. Koma palibe amene anamuuza kuti chitenje chija apongozi sanabwerekepo munthu, ngakhale ana awo owabereka okha.

Tsopano ana anga ndi atatu. Atate awo amanyamula zikwama pabwalo la ndege ku Mfuwe, masiku amene ndege zachuluka. Masiku ena timapita tonse kumunda. Mayina a mbalame aja amawadziwabe, amaphunzitsa mwana wathu wamkulu tikamayenda, ngakhale mwanayo amangofuna kuziponya miyala.

Amuna anga amandiuza kuti alendo akuda ochokera kunja achuluka masiku ano. Ena akangotsika ndege amagwada n'kugwira dothi. Ndinawafunsa tsiku lina, "Nanga inu mumawauza chiyani, atate ake mwana? Mumawauza kuti takulandirani kwanu?"

"Iyayi, amake mwana," anatero, akuvula nsapato. "Ndimawapatsa moni wa Chingerezi ngati wina aliyense, n'kuwafunsa kuti chikwama chawo ndi chiti."