Ndinasankha Chipatala cha Kutsidya

Kwathu kuseri kwa Mualadzi, mayi akaima anthu amangofunsa funso limodzi: chipatala chapafupi ndi chiti? Amayeza mtunda wochokera pakhomo kukafika pakhonde la a pariteira, anamwino ochiritsa amayi aja, basi nkhani yathera pomwepo. Inenso pa mimba yanga yoyamba ndinayeza chomwecho, ndipo ndinapita pa kachipatala ka m'dera lathu, kamene timangokatchula kuti pa posito. Ndi pafupi ndithu. Ukatereka nyemba n'kunyamuka, umabwerako zisanapse.

Chimene sitinkachiwerengera ndi mtsinje. Mudzi wathu ndi posito zili tsidya lino, msewu waukulu wa magalimoto uli tsidya linalo, ndipo pakati palibe mlatho. M'chilimwe ana amangoulumpha. M'dzinja umadzaza mpaka kumiza mabango.

Matenda anandiyamba chimanga chikumasula, mvula ikugwa usana ndi usiku. A pariteira a pa posito anayesetsa, sindingawanamizire. Ataona kuti mwana sakutsika, anakwera pachulu kukasaka redi, netiweki ya telefoni, n'kuitana ambulansiya. Galimotoyo inabwera ndithu. Inafika pa mtsinje, n'kuima tsidya linalo, n'kumaliza hutala. Ine ndili chigonere ndinkaimva bwinobwino. Amuna a m'mudzi anamanga machira kuti andiolotse, koma woyamba kulowa m'madzi anabwerera ataluza malaya. Mawa lake mwana anabadwa ali chete. Anali wamwamuna, wonenepa, watsitsi lambiri.

Mwana wotere saliridwa mokweza. Amayi okhaokha ndi amene anakamuika, ine ndili m'nyumba, mkaka ukutuluka wopanda woumwa. Mpaka lero ndikamva hutala ya galimoto patali, ndimaima n'kumvetsera.

Kwathu kubereka kukavuta, amayi akuluakulu safunsa za mtsinje. Amafunsa kuti mwamuna anayenda ndi ndani mkazi wake ali ndi pakati, pakuti amati zimenezo ndi zimene zimatseka njira. Mwamuna wanga ndi mkamwini, anachokera ku Nsadzo kudzakhala pamudzi pa amayi anga, ndipo ndi munthu wosalankhulalankhula. Atsibweni anga, alongo awo a amayi, anamukhazika pansi pa mtengo wa mango n'kumupanikiza kuti atchule mkaziyo. Iye anangoti, "Palibe, atsibweni." Atamufunsanso anabwereza mawu omwewo, ndipo kufatsa kwakeko anakutenga ngati kuvomera. Anamulanda dimba limene anatipatsa titakwatirana, m'mene ankalimamo tomato ndi anyezi. Amayi anga anaonjezapo mawu, akulankhula chotembenukira kumbali monga amachitira apongozi, kuti zikadzachitikanso adzanyamule bulangeti lake abwerere kwawo.

Ine sindinakhulupirire ngakhale pang'ono. A pariteira anali atandiuza pandekha kuti mafupa anga a m'chiuno ndi opapatiza, ndipo mwanayo ankafunika kutulutsidwa ndi mpeni ku chipatala chachikulu. Ndinawauza amayi. Anandiyankha kuti iwo anabereka ana ambirimbiri, ena pamsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ndipo palibe nesi anawayezapo mafupa.

Choncho nditaimanso, ndinadziwa chimene chinali patsogolo panga. Mwana uyu akapitanso, ndiye kuti ndataya ana awiri ndi mwamuna yemwe. Ndipo nditawerenga miyezi, ndinapeza kuti nayenso akubwera ndi mvula yomwe ija. Ndinaseka ndekha, kuseka kwa mkwiyo. Kenaka ndinati, ulendo uno chipatala ndisankha ndine.

Kusankha kwake sindinafunse munthu wa m'mudzi. Ndinadula nthochi, n'kuzivundika, zitapsa n'kuziika m'dengu. Malo amene umamva zoona za chipatala ndi kukhitchini ya odwazika, kumene amayi amaphikira odwala awo. Munthu wogulitsa nthochi amakhala pansi pamenepo tsiku lonse, palibe womufunsa kuti akufunanji.

Ndinayambira pa posito pomwe paja. Anali atapaka penti yatsopano, padenga ataika magetsi a dzuwa, ndipo amayi kukhitchini ankangoyamikira. Ankati a pariteira ndi aulemu, madzi ali pafupi, ukachira amakupatsa neti ya udzudzu. Zonsezo zinali zoona. Ndinawafunsa kuti nanga zikavuta, galimoto imafika pakhomo? Anayang'anizana, wina n'kunena kuti, "Mulungu ndiye amadziwa, amayi." Ndinawagulitsa nthochi zawo n'kubwerera.

Sabata linalo ndinakwera mota, njinga yamoto, n'kuoloka mtsinje, madzi akulekeza m'mapazi, mpaka pa chipatala china cha m'mbali mwa msewu waukulu. Kumeneko kunalibe chokopa. Anthu anali pikitipikiti, nkhuni zogula, mjigo wake wa mzere wautali. Nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera inali ya chipinda chimodzi, mikeka itayalidwa mogundana. Kukhitchini ananditsina khutu kuti a pariteira a pamenepo pakamwa pawo ndi pakuthwa, ukachedwa kubwera amakukalipira pagulu. Ndili mkati mogulitsa, ndinamva phokoso. Ambulansiya inakhota kuchoka pamsewu, n'kubwerera chambuyo mpaka matayala kugunda masitepe a materinidade, chipinda chochiriramo amayi. Anatulutsa mayi wina pa machira, n'kumukweza, apongozi ake akuthamangira pambuyo ndi poto wotentha m'manja. Fumbi lisanakhazikike anali atapita.

Nthochi zotsala ndinangowagawira amayi aja. Anthu a kwathu amayeza kuchokera pakhomo kukafika kuchipatala. Ine tsiku limenelo ndinayeza kuchokera pachipatala kupita kutsogolo, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Kunyumba kunabuka nkhondo. Kuti ndikachirire kutsidya, ndinayenera kuoloka mtsinje usanadzaze, n'kukakhala kodikirira kuja mwina mwezi wathunthu kapena kuposerapo, nthawi yobandira chimanga. Amayi anagwira pakamwa.

"Iwe, mimba salengeza! Ukanyamuka ndi mtolo masana, mudzi wonse udziwa kuti masiku ako akwana. Ukufuna anthu akumangire? Ndipo kumundaku ubandira ndi pakamwa?"

"Amayi, mimbayi ikuoneka ngakhale munthu ali kuseri kwa nkhokwe. Ndibisa chiyani?"

"Ngati wadana ndi pa posito, tiye ku Zambia kumene ndinakuberekera iwe. Kumene kuja kuli madokotala enieni."

"Njira ya ku Zambia nayo ili ndi mitsinje yake. Ine ndikupita kumene galimoto imagunda masitepe."

"Pita wekha tsono. Ine sindikakudikirira."

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa mayi wopanda womudikirira amakhala ngati wamasiye, wosowa womuphikira ndi womuchapira. Koma sindinasinthe. Amene amandidziwa amadziwa kuti ndikalimba mutu, ndimachita kutengera amayi omwewo.

Tinanyamuka m'mawa dzuwa litatuluka, anthu akupita kumunda, dala kuti aliyense aone. Mwamuna wanga anamanga panjinga ufa, nyemba, poto, beseni ndi makapulana, zitenje zatsopano zokulungira mwana, ine n'kumayenda pambuyo pang'onopang'ono. Pa mtsinje madzi anali akulekeza m'maondo. Anayamba waolotsa njinga, n'kubwerera kudzandigwira dzanja. Tili pakati pa madzi anaima n'kuyang'ana tsidya linalo, pamalo pamene galimoto ija inaima. Atandisiya kodikirira kuja anabwerera tsiku lomwelo kukabandira munda wathu ndi wa apongozi ake omwe.

Masiku odikirira anali aatali, koma sanali oipa. Tinalipo amayi ochokera m'midzi yosiyanasiyana, wina wa kufupi ndi ku Chifunde kuvila, kutauni ya boma lathu, wina mkazi wa abusa a mpingo wa Pentekosite amene ankatiimbitsa nyimbo tikamasenda mtedza. Tinkasonkha nkhuni n'kuphika pamoto umodzi. A pariteira aja analidi olusa. Anandikalipira chifukwa chosenza ndowa yodzaza, koma nditawafotokozera za mwana wanga woyamba anandigoneka n'kundipima mofatsa, ndipo anati, "Inu matenda akangoyamba, musadikire kuti akule. Mubwere mudzandidzutse ngakhale ndikudya."

Mvula inakula. Anthu obwera kuchipatala ankanena kuti mtsinje wathu wayamba kukwera. Tsiku lina masana ndikupeta nyemba, ndinaona munthu akulowa pampanda, wonyowa mpaka pachifuwa, mtolo wa nkhuni pamutu, nkhuku ili m'khwapa. Anali amayi. Anatula nkhunizo n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndiye chipatala chako chotchuka chija ndi chimenechi? Ngakhale khola la mbuzi zanga ndi lotakasuka."

Ndinawalandira nkhukuyo misozi ili m'maso. Ndinamva pambuyo pake kuti amene anawaolotsa ndi mkamwini wawo yemwe uja, aliyense atagwira nsonga yake ya ndodo, poti apongozi sagwirana dzanja. Mawa lake mtsinje unatseka, osaolokekanso.

Matenda atayamba ndinachita monga anandiuzira. A pariteira anandiyang'anira kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litafika pamutu ndinaona nkhope yawo ikusintha. Mwana sankatsika. Ululu wake unali womwe uja, ndinauzindikira ngati mawu a munthu amene unakangana naye. Amayi anali pakhomo, ndipo ndinawamva akung'ung'udza za mwamuna wanga kuti, "Wayambiranso munthu uja, wayambiranso." Mantha anandigwira, sindibisa. Koma a pariteira sanakwere pachulu chilichonse. Anaimba telefoni ali chiimire pambali panga, ndipo pasanapite nthawi yaitali ndinamva hutala. Ulendo uno inalirira kuseri kwa zenera.

Za ku chipatala chachikulu ndimakumbukira pang'ono: nyali yowala pamwamba panga, nsalu yobiriwira, kuzizira kwa miyendo. Kenaka kulira. Mwana wamkazi, wolira mwaukali ngati wabwera kudzafunsa mlandu. Ndinalira naye limodzi, ndipo ulendo uno panalibe wondiletsa kukweza mawu.

Nditapezako mphamvu ndinapempha namwino wamkulu wa m'chipindamo kuti zimene anandiuza ine akawauzenso amayi. Anali mayi wachikulire, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Anawaitana amayi, n'kuwagwiritsa mutu wa mwana, kenaka n'kuwaonetsa ndi manja ake kukula kwa njira yanga.

"Amama, mwana wanuyu ngakhale akanakwatiwa ndi mngelo, mutu uwu sukanadutsa apa. Ndi mmene anabadwira. Mafupa awa anamupatsa ndinu, osati mwamuna wake."

Pa bedi loyandikana ndi langa panagona mkazi wa abusa uja, nayenso atang'ambidwa tsiku lotsatira, ndipo abusawo ankabwera ndi Baibulo m'manja kudzamuona. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali abusawo, munthu amene sakanamuganizira zoyendayenda, kenaka anatuluka kukachapa matewera.

Tinabwerera kumudzi mvula itayamba kuchepa, mtsinje utaphwa mpaka m'maondo. Mwamuna wanga anatichingamira pamsewu. Anamuyang'ana mwanayo, n'kumuyang'ananso, manja ali kumbuyo ngati akuopa kuti amulanda. Amayi njira yonse sanalankhule naye, ndipo ine sindinayembekezere kuti angapepese. Apongozi a kwathu sapepesa mkamwini. Atsibweni nawo anangobwera kudzaona mwana, n'kuyamikira kuti wafanana ndi kuchikazi.

Patapita masiku mwana atatuluka m'chikuta, ndinakhala pakhonde ndikuwotha dzuwa, bala likuyabwa. Mwamuna wanga anali chapatali pang'ono, akukonza tcheni cha njinga. Amayi anabwera n'kumunyamula mwanayo, n'kukhala chofulatira mkamwini wawo monga mwa nthawi zonse. Anamuseweretsa, kumutsina timasaya, kenaka anayamba kulankhula naye mokweza, mokweza kuposa mmene khanda limafunira.

"Iwe, kamutu kakakulu iwe. Ukawauze atate ako kuti dimba lija lamera udzu. Anthu akutiseka. Ukawauze kuti mbewu ya anyezi ili m'chikho pamwamba pa nkhokwe yanga."

Tcheni chija chinasiya kulira. Mwamuna wanga anakhala chiweramire kwa kanthawi, n'kupukuta manja pa buluku, n'kupukutanso kumaso ndi mkono. Kenaka anadzuka, anatenga khasu kuseri kwa chitseko, n'kutsetsereka kulowera kudimba, njinga ataisiya miyendo ili m'mwamba.