Tsiku Limene Bambo Anatuluka M'nyumba Kawiri

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa chogona chotsamira khoma. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Kuseri kwa khola moto unali utayaka kale, ndipo adzukulu anali atapita kumanda ndi makasu. Tinali kuika maliro a bambo anga, mphunzitsi wakale wa ku Mvera.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena atayenda wapansi kuchokera ku Ntchisi. Kenako panafika galimoto ya boma. Munali nduna ina imene bambo anaiphunzitsa ili mwana, ndi munthu wojambula kanema, wa magalasi akuda, amene sanapepese maliro ngakhale kwa mayi. Ndinamuda pomwepo. Anaimika kamera yake ya miyendo itatu pakati pa bwalo nayamba kutisuntha ngati mbuzi: awa akhale uku, awo achoke, nkhope ziloze kudzuwa. Azakhali anawachotsa kutsogolo ati chitenje chawo n'chakutha.

Abusa atapemphera tinanyamula bokosi kutuluka nalo m'nyumba, nduna ili patsogolo. Nthawi yomweyo mtambo unaphimba dzuwa. Wojambula uja anakweza dzanja nati kuwala kwathawa, nkhope ya bwana sinaoneke, tibwerere m'nyumba titulukenso.

Kwathu maliro akatuluka pakhomo sabwereranso, ngakhale mwana amadziwa zimenezi. Mayi anagwira bokosi.

"Bambo, amuna angawa atsazika kale nyumba yawo. Musawabweze."

Wojambulayo sanawayang'ane n'komwe, maso anali kumwamba. Anyamata a chipani a malaya ofiira anasendera pafupi. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha liwu limodzi, choncho akulu a mpingo anangozolika. Tinabwerera nalo bokosi chammbuyo tikukukuta mano, n'kuima nalo m'kati mpaka mtambo utadutsa.

Kumanda munthu wa kamera uja anajambula nduna ikuponya dothi, n'kulongedza katundu wake adzukulu asanayambe n'kukwirira komwe. Nyimbo yomaliza tinaimba galimoto ikutisiyira fumbi.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inali zii. Mayi anafufuta ndi phazi timaenje titatu timene miyendo ya kamera inasiya pabwalo, kenako anakhala pakhonde moyang'ana kumanda. Nditafuna kutseka chitseko, anandigwira mkono.

"Chisiye, mwanawe. Mwawaonetsa kale njira yobwerera, ndiye abwera."