Muvi Wanga Umene Unamera

Ndikukumbukira chaka chimene chimanga cha amalume anga a Lusiyano chinacha bwino m'mphepete mwa mtsinje wa Lisungwi, anyani nkumatsika m'phiri ngati achita kuitanidwa. Pakati pa mundawo panali nsanja yolinderapo, ndipo ine ndinkailota usana ndi usiku. Koma amalume anali ndi lamulo lawo: pansanja pamakwera mwana amene muvi wake wodzipangira wawoloka mtsinje.

Iwo mivi sankaipanga mothamanga. Bango ankadula m'chilimwe, lokhwima, nkulipachika kudenga la khitchini kuti liume ndi utsi mpaka lifiire. Akalitsitsa ankaliwamba pamakala, kuliwongola pabondo, kenako nkutsinzina diso limodzi kuliyang'ana kuchokera kuno mpaka uko. Nthenga za nkhanga ankazimanga ndi khonje nkumata ndi phula, kunsonga nkulowetsa msomali wophwatalala. Fungo la phula lotenthalo limandipezabe mpaka lero.

Ine bango louma ndinalibe. M'chilimwe, anzanga akudula lawo, ndinali pansi pa mtengo kuwerenga mapepala okulungira mchere, nkhani zopanda mutu ndi mchira zomwe. Choncho m'mawa wa tsiku loyesa ndinatsikira kumtsinje nkudula bango laliwisi, lobiriwira, madzi akuchucha. Pamoto sindinalifikitse. Ndinamangirira nthenga za nkhuku, kusongola nsonga ndi mpeni, basi. M'mutu mwanga muviwo unali utawoloka kale, utadutsa Matope, ukuuluka pamwamba pa Shire limodzi ndi akakowa.

Msuweni wanga Eneresi, mwana wa amalumewo, ataona anagwira pamimba.

"Kodi amuna anga, umenewu ndi muvi kapena nzimbe? Anyani mukawapatse adye, eti?"

Amalume sanaseke. Anautenga, kuunyamula m'dzanja ngati akuyesa kulemera kwake, nkundibwezera pamodzi ndi uta. "Ponya, mphwanga. Muvi umadziyankhira wokha."

Ndinakoka chingwe mpaka kukhutu. Muvi unanyamuka mwaulesi, unagwedeza mchira ngati mlamba, nkukazikika m'matope tsidya lomwe lino, pamalo poyera pamene amayi ankatsukira mbale. Ndinachita manyazi kukauzula. Chaka chimenecho pansanja anakwera ena. Ine ntchito yanga inali kuwapititsira madzi akumwa, nkumayang'ana mapazi awo ali lendelende m'mwamba.

Patapita milungu, Eneresi anabwera akuthamanga. "Tiyeni mukaone munda wanu, alimi a mivi!"

Muvi uja unali utaphuka. Pa mfundo ziwiri panatuluka timasamba tanthete, nthenga za nkhuku zikadali kumutu, zikupepeluka ndi mphepo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, osaukhudza. Amalume atafika anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Usauzule. Chilimwe chikubwerachi udzadula pako."

Sizinatheke chilimwe chimenecho, bangolo linali lanthete. Koma linakula, linaberekana.

Lero nsanja kulibe, amalume anapita, ndipo ana a kwathu uta amauonera pa foni. Anyani okha ndiwo sanasinthe khalidwe. Ndikapita kumudzi ndimatsikira kumtsinje, pamene bango lija layanga gombe lonse, likuweyula ngayaye zake. Eneresi, amene tsopano ndi agogo, amadula pomwepo bango lolukira mphasa, ndipo akandiona amakuwa: "Abwera eni ake!"

Pa moyo wanga sindinalasepo kanthu. Koma mphasa imene ndimagonapo ndikuwerenga inachokera ku muvi wanga.