Ana 899 pa Bwalo la ku Boma

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, atamva ku mzikiti kuti sukulu ya kwathu ku Lungwena ikusowa mphunzitsi wogwirizira. Kosi ndinalibe, koma masamu ndiye ndinkawadziwa, ndipo sindinkabisa.

Chaka chomwecho kunamveka kuti ku boma kukubwera mlendo wamkulu wa chipani, ana a sukulu zonse akagube. Ahedi anandipereka kuti ndikakonze mizere. Zida zake zinali chingwe, zikhomo, ndowa ya laimu ndi wezulo. Ana analipo 900, choncho ndinajambula mizere 30, uliwonse wa ana 30. Anga a ku Lungwena anali mzere womaliza, ndipo makolo awo anagulitsa usipa kuti awasokere yunifolomu.

M'mawa wa tsikulo mwana wanga mmodzi sanaoneke. Makolo ake anali atamutengera ku jando osauza munthu. Pakona panatsala mpata.

A Tcheyamani, amene ankayang'anira mwambowo, ataona mpatawo nkhope inasintha. Masiku amenewo mpata pamaso pa mlendo unkatengedwa ngati chipongwe, ndipo chipongwe chinkasowetsa anthu. Analamula kuti mzere womaliza wonse uchoke, ukakhale pansi pa mtengo. Ana anga ena anayamba kulira. Mtima unandiwawa zedi.

Ndinapempha kamphindi, ndinagwada pamchenga ndi kamtengo. Nambala ya 899 ndi yamakani. Pawiri sigawika, patatu ayi, pasanu ayi. Ndinayesa 7, 11, 13, 17, yonse ikusiya zotsala. Ahedi anandinong'oneza kuti ndisiye, imeneyi ndi ija yosagawika, ndingodziputira mavuto. Koma ine ndinali nditaona kale kuti yangoperewera imodzi kuti ikwane 30 kuchulukitsa ndi 30, ndipo nambala yotero imagawika ndi nambala ziwiri zoyandikana ndi 30, zomwe ndi 29 ndi 31.

"Bwana, asachoke mwana aliyense. Mizere ikhala 29, uliwonse ana 31."

"Ukalakwa, ukafotokoza wekha ku ofesi," anatero a Tcheyamani.

Ndinaimba wezulo. Ana anga 29 aja ndinawatenga mmodzimmodzi, aliyense kukaima kumapeto kwa mzere wake. Womaliza atalowa, mizere nayo inathera pomwepo. Tinakoka chingwe m'mbali, kunali kowongoka bwinobwino. A Tcheyamani anazungulira kawiri akuwerenga ndi chala, kenako anangoti ng'oma ziyambe. Kuyamika sanayamike, nanenso sindinkayembekezera.

Ndaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, ndipo kalasi iliyonse ndinkaiuza zofanana. Nambala ikakana 2, 3 ndi 5, musathamangire kuitchula yosagawika, yesani mpaka kumapeto. Ofulumira kugamula amachotsa zimene zikuwavuta, ndipo tsiku lija zovutazo anali ana a anthu.