Mabotolo Awiri pa Khoma la Balani

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo, koma fungo la dizilo losakanikirana ndi utsi wa malasha wochokera m'mabalani owotchera fodya, ndiponso kaphokoso ka labala akagwa pa tebulo lachitsulo. Anali makanika pa purazi lina, famu ya fodya ku Tengwe, kumpoto kwa Harare, ndipo wekishopu yawo inali chishedi cha malata chotentha ngati uvuni, momwe mpheta zinkamanga zisa pamwamba pa matayala akutha. Munthuyo sankadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa choimirira, kutchalitchi ankangosunthasuntha pabenchi mpaka amayi anga, mwana wawo, kuwaponyera diso, ndipo ngakhale pamaliro manja awo ankapisapisa m'matumba kufuna kanthu koti apotokole. Amayi amati matenda amenewo anandisiyira ine, ndipo sindikana.

Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo kwawoko kunali kutasanduka dzina chabe. Anzathu achishona ankapita kumusha, kumidzi kwawo, pa Khirisimasi, ife tinalibe kopita. Kwathu kunali nyumba ya zipinda ziwiri mu komboni, ndipo nyumbayo sinali yathu, inali ya ntchito ya agogo. Amayi ankalembedwa ntchito nyengo yothyola fodya yokha, ndipo anthu otere sankapatsidwa nyumba. Tsiku limene agogo akanasiya sipanala, tonse atatu tikanabweza kiyi.

Chuma chawo chinali timphete ta labala, maoringi, timene timatseka mpata pamene zitsulo ziwiri zakumana kuti mafuta asadonthe. Ankatisunga m'zitini zitatu za mabisiketi. M'chitini choyamba munali mphete zakuda za masiku onse, za dizilo ndi oyilo. M'chachiwiri munali zakudanso, koma za mabuleki ndi madzi otentha. M'chachitatu, chimene ankachibisa kuseri kwa mabatire, munali zabulauni, zolemera m'manja, za labala wotchedwa fulorokaboni. Zimenezi zinkapirira kutentha kwa injini ndi mankhwala aukali opopera fodya, amene ankasandutsa mphete wamba phala pa sabata ziwiri. Pofuna kudziwa mtundu wa mphete, agogo ankaiponya cham'mbali patebulo n'kutchera khutu. Yakuda inkadumpha, yabulauni inkangoti phwa, ngati yatopa.

"Usamafunse kuti yabwino ndi iti, Esinati," ankatero. "Funsa kuti mukudutsa chiyani, mukutentha bwanji, mukukankha bwanji. Mphete iliyonse ili ndi mdani wake."

Panali chinsinsi chimene tinkachidziwa awiri basi. Maso a agogo anali akuchita nkhungu. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikaweruka kusukulu ya papurazi ndinkathamangira ku wekishopu ngati ndapititsa tiyi, koma ntchito yanga yeniyeni inali kuwawerengera manambala a pa mapaketi ndi a pa chitsulo choyezera, motsitsa mawu. Zina zonse ankachita ndi zala, mphuno ndi makutu. Chinthu chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo lamulo linali limodzi: chimene wanyamula, uchibwezere pomwe wachipeza.

Chaka chimenecho, chilala chachikulu chisanafike, purazi linayamba kuyendetsedwa ndi mwana wa mzungu mwini purazilo, amene anali atangochoka ku koleji ya zaulimi. Anthu a mu komboni anamutcha Chimbichimbi chifukwa ankadumpha m'galimoto isanaime. Kunena chilungamo, sanali wankhanza, anali wa phuma. Masiku amenewo zipangizo za makina zinkasowa m'dziko monse, ndiye iye anabwera kuchokera ku Joni ndi katoni yodzaza mphete zabulauni za misinkhu yonse, n'kumaziyamikira ngati wagula golide. Pa makina opopera mankhwala zinagwiradi ntchito, kudontha kunatheratu, ndipo mtima wake unakula.

Kenako mabuleki a lole anayamba kutaya mafuta. Lole imeneyo ndi imene inkanyamula othyola fodya m'mawa uliwonse, amayi ali pakati pawo, kutsika nawo mtsetse wautali wokathera pa kamlatho kopapatiza kopanda zotchinga. Fodya anali atapsa m'munda, ndipo fodya sadikira munthu. Ndinali mu wekishopu Lolemba masana pamene Chimbichimbi analowa n'kuponya katoni ija patebulo.

"Madala, handina nguva," anatero m'Chishona chake chothyokathyoka, kutanthauza kuti alibe nthawi, lole akuifuna mawa. "Ika izi m'mabuleki. Mangwana lole iyende."

Agogo anatola mphete imodzi, anaiponya patebulo, inati phwa. "Bwana, iyi ayi. Mafuta a mabuleki ndiye mdani wake. Imafufuma, imafewa. Tumizani ku Harare za mabuleki zenizeni, m'chitini mwanga mulibe za msinkhu umenewu."

"Labala ameneyu ndi wabwino kuposa onse padziko! Ukudziwa kuposa anthu amene anamupanga?"

"Anamupangira moto ndi mankhwala, bwana. Ikani m'lole, lero igwira, mangwana igwira. Tsiku limene idzasiye, kumbuyo kudzakhala kuli vanhu makumi anayi. Basa limeneli ine handiite, ntchito imeneyi sindichita."

Ndinali ndisanamvepo munthu wa mu komboni akukanira mzungu m'maso. Nkhope ya Chimbichimbi inafiira mpaka m'makutu. Ananena kuti ku Karoi kuli amakanika achinyamata amene akufuna ntchito ndi nyumba, ndipo ngati lole sikhala itakonzedwa pofika Lachisanu, agogo adziwe kolowera. Agogo anangopempha chinthu chimodzi: awalole kumuonetsa Lachisanu lomwelo. Iye anakweza mapewa n'kutuluka.

Agogo anandituma kunyumba kukatenga mabotolo awiri a jamu. M'limodzi anathira dizilo, m'linalo mafuta a mabuleki, ndipo m'lililonse anaponyamo mphete yabulauni. Ine ndinamata timapepala n'kulemba zilembo zikuluzikulu kuti bwana adzawerenge yekha. Tinakawaika pa kashelefu ka njerwa pa khoma la balani, pafupi ndi ng'anjo, pamene pankafunda usana wonse.

"Dizilo kumanzere, buleki kumanja," anatero akuwasisita. "Usawakhudze mpaka Lachisanu."

Akanauza mwala mwina ukanamva. Sabata imeneyo inanditalikira kuposa chaka. Othyola fodya ankayenda wapansi kupita kumunda, makilomita angapo, n'kumabwera madzulo akutukwana. Azimayi ena pa mpopi ankalankhula mokweza kuti ndimve: "Mudhara wanu uja akutiyendetsa ndi mapazi chifukwa cha kalabala!" Amayi ndinawapeza akupukuta sutikesi yathu yakale ya pansi pa bedi. M'kalasi sindinkamva kanthu. Belu likangolira ndinkathamangira ku balani, ndinkanyamula botolo la mabuleki, kuliyang'anitsa padzuwa, kuligwedeza, kuliyerekeza ndi linzake. Lachiwiri panalibe kusintha, ndipo ndinalira. Lachitatu ndinaona ngati mphete yanenepako, koma sindinakhulupirire maso anga. Lachinayi ndinapitako katatu. Ulendo womaliza ndinamva foromani wa mabalani akubwera akutsokomola, ndinabweza mabotolo msangamsanga n'kuthawa.

Lachisanu ndinajomba kusukulu. Chimbichimbi anafika ku balani dzuwa litakwera pang'ono, ndipo atandiona ndagwira malaya a agogo anandikusa ndi dzanja kuti ndiime patali. Ndinakaima pa mulu wa malasha. Agogo anayenda molunjika ngati munthu woona bwinobwino, anatambasula dzanja lamanja, ananyamula botolo n'kulikweza pamaso pa bwana.

"Onani, bwana. Iyi ndi ya m'mafuta a mabuleki."

Pa botolopo panali zilembo zanga, zazikulu ngati zala: DIZILO. Zinali pafupi ndi mphuno yawo. Apo ndinadziwa kuti dzulo lake ndinawabweza mosinthanitsa. Chimbichimbi anayang'ana botolo, anayang'ana agogo. Agogo anatsegula chivundikiro, fungo linawafika, ndipo ndinaona msana wawo ukuuma. Sanatembenukire kwa ine. Anaika botololo pansi, anapapasa pakhoma mpaka zala zinagunda linalo, anavuula mphete zonse ziwiri n'kuziika m'dzanja la mzungu.

Ya m'dizilo inali monga inalowera. Ya m'mafuta a mabuleki inali itafufuma, yonenepa kuposa inzake, yofewa ngati matumbo a nkhuku. Chimbichimbi anaikanikiza ndi chikhadabo ndipo chikhadabo chinalowa. Anaima nthawi yaitali, iye amene sankaima, akuyang'ana cha kumtsetse. Kenako anakweza dzanja mwakachetechete n'kuligwedeza pamaso pa agogo. Agogo sanaphethire.

"Madala," anatero motsitsa mawu, "maziso akutanga rini?" Ankafunsa kuti maso anayamba liti kuvuta.

"Zaka ziwiri, bwana."

Mphete zoyenera zinabwera kuchokera ku Harare sabata yotsatira, ndipo agogo anaziika okha, ndi zala, ine ndikuwawerengera manambala mokweza chifukwa panalibenso chobisa. Imeneyo inali ntchito yawo yomaliza. Bwana anati sangasunge makanika wosaona pakati pa malamba ndi mafani ozungulira. Anatilola kukhala mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndimuthokoze kapena ndimutukwane. Nthawi zambiri ndimachita zonse ziwiri.

Ndinakhala masiku atatu ndikuzemba agogo. Tsiku lachinayi anandigwira mkono pakhomo, pakuti makutu awo sankaphonya mapazi anga.

"Agogo, ndine ndinasintha mabotolo," ndinatero ndikulira. "Ndinkangofuna kuona."

"Ndikudziwa. Unapitako kangati?"

"Tsiku lililonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinapitako kawiri pa tsiku, kumangogwedeza ngati chitsiru, maso ndilibe. Magazi ndi amodzi, mdzukulu wanga. Leka kulira. Nkhungu sunaiike m'maso mwanga ndiwe."

Sindinawakhulupirire, ndipo mbali ina ya mtima wanga siinawakhulupirirebe. Mwina akanabisa chaka china, mwina ziwiri.

Tinachoka m'mwezi wa fumbi, kupita ku Norton kumene mchimwene wa amayi ankachita lendi kachipinda. Bwana anatipatsa lole yomwe ija kuti itifikitse pa msewu waukulu. Tinakwera kumbuyo pamodzi ndi bedi, sutikesi, nkhuku ziwiri ndi zitini zitatu za mabisiketi, zimene palibe anawaletsa kutenga. Amayi anafunda chitenje kumutu osafuna kuona komboni ikutsalira. Ine ndinali nditakwiya ndi aliyense, mzungu, azimayi a pa mpopi, Mulungu, makamaka ine mwini. Agogo okha ndi amene anakhala phee, koyamba m'moyo wanga kuwaona atakhazikika, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha m'mbali, mutu utapendekeka.

Lole inafika pamtsetse n'kuyamba kuthamanga yokha, katundu akusendera kutsogolo, kamlatho kakukula pamaso pathu. Dalaivala anaponda. Matayala analira, fumbi linatikuta, liwiro linatsika bwinobwino mpaka tinawoloka ngati tikuyenda wapansi. Agogo anandifinya dzanja mpaka kuwawa.

"Wamva, Esinati? Akugwira."

Anamwalira ku Norton patapita zaka zinayi, asanaonenso kuwala. Ine lero ndimagulitsa zotsekera mafuta m'kasitolo ka pafupi ndi mafakitale, ndipo anyamata a m'magalaja amati ndine mayi wovuta. Munthu akalowa akufuna mphete yodula kuposa zonse, sindimupatsa asanandiuze kuti mukudutsa chiyani, mukutentha bwanji, mukukankha bwanji. Ena amakwiya n'kukagula kwina, apite. Kukhala pansi sindinaphunzirebe, ndipo ndikakwera kombi, minibasi yopita ku Harare, sindicheza ndi munthu potsetsereka, ndimamvetsera mabuleki. Pa shelefu ya kuseri kwa kauntala pali mabotolo awiri a jamu opanda kanthu, ndipo mtsikana wosesa amadziwa kuti ngakhale achite fumbi chotani sayenera kuwakhudza. Dizilo kumanzere, buleki kumanja.